N'chifukwa chiyani ochemerera a ku America saiwala basketball yakale ya m'mayunivesite?

M'dziko la United States muli mipikisano iwiri ikuluikulu ya basketball. Umene umadziwika kwambiri kunja kwa dzikolo ndi ligi ya NBA, momwe mumasewera akatswiri olandira ndalama zankhaninkhani. Winawo ndi wa matimu a m'mayunivesite, umene umayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, ndipo ngakhale osewera ake ambiri ndi ophunzira a zaka zapakati pa 18 ndi 22, ndi mpikisano umenewu umene uli ndi ochemerera osunga mbiri yake mpaka kukalamba. Bambo wachikulire wa ku Indiana, ku Kentucky kapena ku North Carolina akhoza kuiwala timu imene inatenga chikho cha NBA zaka zisanu zapitazo, koma mukangomutchulira chaka cha 1976, 1983 kapena 1992, adzakuuzani amene anaponya mpira womaliza, masekondi amene anali atatsala ndiponso nyumba imene iye anaoneramo masewerowo. Ambiri amafulumira kunena kuti zili choncho chifukwa osewera akale anali aluso kuposa a masiku ano, koma yankho limeneli silikwanira. Chimene chinakhomereza mayina amenewa m'mitima ya anthu ndi dongosolo limene masewerowa ankayendera kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka za m'ma 1990, ndipo dongosolo limenelo, ngakhale linabala zinthu zokoma, linali ndi ngongole yaikulu kwa anyamata amene ankakhetsa thukuta m'bwalo.

Kuno ku Malawi mnyamata waluso pa mpira amalakalaka kusewerera kalabu ngati Bullets kapena Wanderers, ndipo sukulu imangokhala poyambira. Ku America, kwa zaka zambiri njira yopita ku NBA inkadzera ku yunivesite basi. Matimu ambiri otchuka ali m'matauni aang'ono kapena m'madera momwe mulibe timu ya NBA, monga Lawrence ku Kansas, Bloomington ku Indiana ndi Lexington ku Kentucky, kotero kuti timu ya yunivesite imasanduka ya anthu onse a m'deralo, ngakhale amene sanapondeko m'kalasi mwake. Mayunivesite a Duke ndi North Carolina atalikirana makilomita osakwana 20, ndipo anthu ogwira ntchito pamodzi kapena opemphera mpingo umodzi amagawikana chifukwa cha matimu awiriwa. Mizu yake ndi yakuya. A James Naismith, amene anayambitsa basketball mu 1891 ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts, anakakhala mphunzitsi woyamba wa timu ya Kansas. Mmodzi mwa osewera awo, a Phog Allen, anadzaphunzitsa timu yomweyo kwa zaka zambiri, ndipo m'manja mwa a Allen munadutsa a Adolph Rupp, amene anatsogolera Kentucky kuyambira 1930 mpaka 1972, ndi a Dean Smith, amene anatsogolera North Carolina kuyambira 1961 mpaka 1997. Ochemerera amautchula mzere umenewu monga momwe munthu amalongosolera mtundu wake, kuti uje anabala uje.

Kenako pali chikho chenichenicho, chimene chimaseweredwa mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo ndipo amachitcha March Madness. Chinayamba mu 1939 ndi matimu 8, chinafika pa matimu 64 mu 1985, ndipo mu 2011 chinafika pa matimu 68. Ndi mpikisano wa chipulula: timu ikagonja kamodzi, ulendo wathera pomwepo. Mu NBA matimu awiri amakumana mpaka ina itapambana kanayi, choncho nthawi zambiri yamphamvu ndiyo imapitirira, koma kuno timu yosawerengeredwa ikhoza kugwetsa akuluakulu usiku umodzi wokha. Kwa wophunzira wa chaka chomaliza, kugonja kumatanthauza kuti sadzavalanso yunifomu imeneyo, ndipo ambiri sadzaseweranso pamaso pa khamu moyo wawo wonse. N'chifukwa chake misozi ya m'chikhochi imakumbukiridwa mofanana ndi chisangalalo chake.

Koma chachikulu kuposa zonsezi chinali nthawi. Mpaka 1972, wophunzira wa chaka choyamba sankaloledwa kusewera m'timu yaikulu ya yunivesite, ndipo mpaka mlandu wa Spencer Haywood mu 1971, NBA sinkatenga wosewera zisanathe zaka zinayi chimalizireni sekondale. Ngakhale malamulowa atamasulidwa, akatswiri ambiri ankakhalabe pa yunivesite zaka zitatu kapena zinayi. Michael Jordan anasewera zaka zitatu ku North Carolina, Patrick Ewing zaka zinayi ku Georgetown, Christian Laettner zaka zinayi ku Duke. Wochemerera ankamuona mnyamata akufika ali wowonda ndi wamanyazi, ankamuona akulakwitsa, akugonja, akukhwima, mpaka tsiku lotsanzikana naye. Nkhani ya Lew Alcindor, amene anadzatchedwa Kareem Abdul-Jabbar, imasonyeza bwino momwe kudikira kunkakulitsira mbiri ya munthu. Atafika ku UCLA mu 1965 sakanatha kusewera m'timu yaikulu, koma mu Novembala chaka chomwecho timu ya ophunzira atsopano imene iye anali m'kati mwake inagonjetsa timu yaikuluyo ndi mapointi 75 kwa 60, pamene yaikuluyo inali itangotenga chikho zaka ziwiri zotsatizana. Dziko lonse linamudikira chaka chathunthu. Atayamba kusewera, UCLA inapambana masewero 88 n'kugonja awiri okha m'zaka zitatu, inatenga chikho katatu, ndipo mu 1967 akuluakulu a masewerowa analetsa dunk, kuja kodumpha n'kukankhira mpira mu basiketi kuchokera pamwamba, lamulo limene anthu ambiri amakhulupirira kuti analiikira iyeyo ndipo linakhalapo mpaka 1976.

Popeza osewera ankabwera ndi kupita, nkhope yosasintha ya timu inali ya mphunzitsi. Palibe amene amatchulidwa ndi ulemu woposa a John Wooden a ku UCLA, amene anatenga zikho 10 m'zaka 12 kuyambira 1964 mpaka 1975, zisanu ndi ziwiri mwa izo motsatizana, ndipo timu yawo inapambana masewero 88 osagonja mpaka pamene Notre Dame inaigwetsa ndi 71 kwa 70 mu Januwale 1974. Komabe osewera awo akamawakumbukira sayambira pa zikho. Amayambira pa tsiku loyamba la zokonzekera, pamene mphunzitsiyo ankawakhazika pansi anyamata otalika mamita awiri n'kuwaphunzitsa kavalidwe ka sokosi, kuti aisalaze bwino pachidendene ndi kuzala, kenako amange zingwe za nsapato moyenera, chifukwa khwinya la sokosi limabala thuza ndipo thuza limamutulutsa munthu m'bwalo. Chinthu china choyenera kuchiganizira n'chakuti a Wooden anafika ku UCLA mu 1948, ndipo chikho chawo choyamba chinabwera m'chaka chawo cha 16. A Mike Krzyzewski nawonso, amene anadzapambana masewero 1,202 ndi zikho zisanu, anagonja masewero 17 m'chaka chawo chachiwiri ku Duke ndi enanso 17 m'chaka chachitatu, koma yunivesiteyo sinawachotse. Kuleza mtima kotereku n'kumene kunalola kuti dzina la munthu mmodzi limamatirane ndi dzina la sukulu kwa zaka 30 kapena 40.

Masewero ena amakumbukiridwa chifukwa cha zimene zinkachitika kunja kwa bwalo. Pa 19 Malichi 1966, ku College Park m'chigawo cha Maryland, timu ya Texas Western ya mumzinda wa El Paso inakumana ndi Kentucky ya a Rupp m'ndime yotsiriza. Mphunzitsi wa Texas Western, a Don Haskins, anayambitsa osewera asanu akuda, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'ndime imeneyi, pamene timu yonse ya Kentucky inali ya azungu okhaokha. Bobby Joe Hill analanda mpira kawiri motsatizana n'kukagoletsa, ndipo Texas Western inapambana ndi 72 kwa 65. A Haskins ankanena kuti anangosankha osewera awo abwino kwambiri, koma makalata achipongwe amene analandira pambuyo pake anaonetsa kuti anthu ambiri anamva uthenga wina. Osewera akuda anali atatengapo kale chikho, monga Bill Russell ku San Francisco mu 1955 ndi 1956 komanso anyamata anayi a Loyola ya ku Chicago mu 1963, koma mayunivesite akuluakulu a kum'mwera kwa dzikolo anali akukanabe. Mu 1967 Perry Wallace anayamba kusewerera Vanderbilt ngati wosewera wakuda woyamba wa basketball m'ligi ya SEC ya mayunivesite a kum'mwerawo, ndipo Kentucky inadikira mpaka 1969 kuti ilembe wosewera wakuda.

Wailesi ya kanema ndiyo inasandutsa zokumbukira za tauni imodzi kukhala za dziko lonse. Mu Januwale 1968 UCLA ndi Houston anasewera m'bwalo la Astrodome pamaso pa anthu oposa 52,000, masewero akuonetsedwa madzulo m'dziko lonse, ndipo Elvin Hayes anagoletsa mapointi 39 pothandiza Houston kupambana ndi 71 kwa 69. Patapita zaka 11, pa 26 Malichi 1979, Magic Johnson wa Michigan State anakumana ndi Larry Bird wa Indiana State, timu imene inali itapambana masewero onse 33 a chaka chimenecho. Michigan State inapambana ndi 75 kwa 64, ndipo mpaka lero palibe masewero a basketball ya m'mayunivesite amene anaoneredwa ndi gawo lalikulu la mabanja a ku America kuposa amenewo. M'chaka chomwecho munabadwa kanema wa zamasewero wa ESPN ndi ligi ya Big East, ndipo mu 1982 kanema wa CBS anayamba kuonetsa chikhochi. Pa nthawiyo makanema anali ochepa, choncho anthu mamiliyoni ankaona chinthu chimodzi pa ola limodzi, n'kukachikambirana m'mawa mwake kuntchito ndi kusukulu.

Zaka zinayi zoyambira 1982 mpaka 1985 ndi zimene ochemerera achikulire amabwererako kawirikawiri, ndipo m'pomveka. Mu 1982, ku New Orleans, Jordan, amene anali wophunzira wa chaka choyamba, anaponya mpira umene unaika North Carolina patsogolo ndi 63 kwa 62 kutatsala masekondi pafupifupi 15. Georgetown inali ndi mwayi womaliza, koma Fred Brown, atasokonezeka, anapatsira mpira James Worthy wa timu inayo. Masewero atatha, mphunzitsi wa Georgetown, a John Thompson, chimunthu chachitali chimene chinkayenda ndi thaulo loyera paphewa, anapita kwa Brown n'kumukumbatira pamaso pa makamera onse. Patapita zaka ziwiri Georgetown inatenga chikho itagonjetsa Houston ndi 84 kwa 75, a Thompson anakhala mphunzitsi wakuda woyamba kutenga chikhochi, ndipo anakumbatirananso ndi Brown yemwe uja, amene tsopano anali wa chaka chomaliza. Kukumbatirana kwachiwiriko kuli ndi tanthauzo chifukwa cha koyambako, ndipo sikukanachitika mnyamatayo akanasamukira sukulu ina atangolakwitsa. A Thompson yemweyo anatuluka m'bwalo masewero asanayambe mu 1989 potsutsa lamulo la NCAA lotchedwa Proposition 42, limene ankaona kuti litsekera kunja ana ochokera m'mabanja osauka, ndipo ndi iwonso amene anaphunzitsa Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene anafika ku Georgetown ndi cholinga chophunzira za udokotala.

Mu 1983 timu ya Houston inkaoneka ngati yosagonjetseka. Inali ndi Clyde Drexler komanso Hakeem Olajuwon, mnyamata wa ku Lagos amene ali mwana ankasewera pagolo pa mpira wamiyendo ndipo anayamba basketball atakula kale. Timu ya North Carolina State ya a Jim Valvano inali itagonja masewero 10 chaka chimenecho, ndipo inafika m'ndime yotsiriza mopulumukira mkamwa mwa mbuzi kangapo konse. Ku Albuquerque, mapointi ali 52 kwa 52 ndipo nthawi ikutha, Dereck Whittenburg anaponya mpira ali kutali kwambiri, mpirawo unaperewera, koma Lorenzo Charles anauwakha m'mwamba n'kuukankhira mu basiketi. Chithunzi cha a Valvano akuthamangathamanga m'bwalo kufunafuna woti amukumbatire chimaonetsedwa chaka chilichonse mpaka lero, ndipo chinadzakhala cholemera kwambiri pamene iwo anamwalira ndi khansa mu Epulo 1993, patangopita milungu yochepa atalankhula pa kanema za kusataya mtima ndi kukhazikitsa thumba lothandiza kafukufuku wa matendawa. Olajuwon anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa ndime zomaliza ngakhale timu yake inagonja. Mu 1985 zinachitikanso: Villanova, imene Georgetown inali itaigonjetsa kawiri chaka chomwecho, inalowetsa mipira 22 mwa 28 imene inaponya, inaphonya umodzi wokha m'chigawo chachiwiri, ndipo inalanda chikho kwa Georgetown yomweyo ndi 66 kwa 64.

Masewero a Villanova amenewa akutifikitsa pa mfundo imene imasokoneza mikangano yambiri ya ochemerera, yakuti basketball imene akuikumbukirayo inali ndi malamulo ena. Anali masewero omaliza a chikho opanda wotchi yokakamiza timu kuponya mpira. Kale timu ikakhala patsogolo inkatha kungopatsirana mpira kwa mphindi zambiri, ndipo a Dean Smith anatchuka ndi njira yoika osewera anayi m'makona a bwalo kuti adye nthawi. Mu Febuluwale 1979 chigawo choyamba cha masewero a Duke ndi North Carolina chinatha ndi mapointi 7 kwa 0. Wotchi ya masekondi 45 inakhazikitsidwa m'nyengo ya 1985 mpaka 1986, inatsitsidwa kufika pa 35 mu 1993 ndi pa 30 mu 2015, pamene mzere wa mapointi atatu unayamba kugwira ntchito m'dziko lonse m'nyengo yotsatira ya 1986 mpaka 1987. N'chifukwa chake dzina la Pete Maravich wa ku LSU silizilala. Iye anagoletsa mapointi 3,667 m'zaka zitatu zokha, kuyambira 1967 mpaka 1970, kutanthauza mapointi 44.2 pa masewero alionse, popanda mzere wa mapointi atatu ndiponso popanda wotchi ija, mphunzitsi wake ali bambo ake omubereka. Pamene Caitlin Clark wa ku Iowa anapitirira chiwerengero chimenechi mu Malichi 2024, mkangano unabuka pakati pa akale ndi atsopano, koma kunena zoona awiriwa anasewera masewero osiyana kwambiri moti kuwayerekeza sikungathetse nkhani.

Mbiri ya amayi m'masewerowa ndi yaifupi chifukwa mwayi unachedwa kuwafikira. Lamulo la Title IX, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma, linabwera mu 1972, ndipo NCAA inayamba chikho cha amayi mu 1982. A Pat Summitt anayamba kuphunzitsa Tennessee mu 1974 ali ndi zaka 22, akuyendetsa okha galimoto ya timu ndi kuchapa mayunifomu, ndipo pamene ankapuma mu 2012 anali atapambana masewero 1,098 ndi zikho 8.

Kukumbukira kwa wochemerera kumasankha, ndipo apa m'pamene pafunika chilungamo. A Bob Knight a ku Indiana anatsogolera timu ya 1976 imene inapambana masewero onse 32, ndipo kuyambira pamenepo palibenso timu ya amuna imene yatenga chikho osagonja. Anatenga zikho zitatu, osewera awo ambiri ankamaliza maphunziro, ndipo sanapezekepo ndi mlandu waukulu wophwanya malamulo a NCAA. Koma ndi munthu yemweyo amene anaponya mpando m'bwalo mu 1985 pokwiya ndi oyimbira, ndipo anachotsedwa ntchito mu 2000, chaka chimene kanema anaonetsa chithunzi chawo atagwira wosewera wawo pakhosi. Ku Indiana alipo ambiri amene amawatchulabe ndi chikondi, ndipo atabwereranso m'bwalo la timuyo mu Febuluwale 2020 analandiridwa ndi chikhamu choimirira, koma anyamata amene anapirira ukali umenewo ali ndi ufulu wokumbukira mosiyana. Ngakhale ulemerero wa UCLA uli ndi banga lake, chifukwa munthu wina wachuma wochemerera timuyo, Sam Gilbert, ankapatsa osewera zinthu zoletsedwa, ndipo mu 1981, a Wooden atapuma kale, NCAA inalanga yunivesiteyo n'kuilamula kuti isiyane naye. Ku Maryland dzina la Len Bias limatchulidwa ndi chisoni mpaka lero. Timu ya Boston Celtics inamusankha pa 17 Juni 1986, ndipo patapita masiku awiri anamwalira atagwiritsa ntchito cocaine, ali ndi zaka 22. Ochemerera amakangana ngati akanafanana ndi Jordan, koma imfa yakeyo inathandizanso kufulumizitsa lamulo lokhwima la mankhwala osokoneza bongo la chaka chomwecho, limene linadzatsekera m'ndende achinyamata akuda ambirimbiri kwa zaka zochuluka.

Masewero a Duke ndi Kentucky a pa 28 Malichi 1992 ku Philadelphia amasonyeza kuti chinthu chimodzi chimakumbukiridwa pawiri. Kentucky inali ikuchira ku chilango cha NCAA, ndipo inkadalira ophunzira anayi a chaka chomaliza amene anakana kuthawa pamene timuyo inali pamavuto. Mmodzi mwa iwo, Sean Woods, anaiika patsogolo ndi 103 kwa 102 kutatsala masekondi 2.1 a nthawi yowonjezera. Grant Hill wa Duke anaponya mpira kuchokera kumapeto kwa bwalo, Laettner anauwakha atafulatira basiketi, anaugunditsa pansi kamodzi, anatembenuka n'kuponya, ndipo Duke inapambana ndi 104 kwa 103. Usiku umenewo Laettner sanaphonye ngakhale kamodzi: mipira 10 mwa 10 ya m'kati mwa masewero ndi 10 mwa 10 ya chilango. Anthu a ku Duke amakumbukira zimenezo. Anthu a ku Kentucky amakumbukira kuti m'chigawo chachiwiri Laettner anaponda pachifuwa wosewera wawo amene anali atagwa, ndipo oyimbira sanamutulutse. Yunivesite ya Kentucky inapachika mayunifomu a anyamata anayi aja m'bwalo lake ngakhale sanatenge chikho, chifukwa chimene anthu ankalemekeza chinali kukhulupirika kwawo.

Chaka chotsatira ngongole ija inayamba kuonekera poyera. Anyamata asanu a Michigan otchedwa Fab Five, omwe ndi Chris Webber, Jalen Rose, Juwan Howard, Jimmy King ndi Ray Jackson, anafika m'ndime yotsiriza zaka ziwiri zotsatizana atavala makabudula aatali ndi sokosi zakuda zimene achinyamata a dziko lonse anayamba kutengera. Mu 1993, kutatsala masekondi 11 ndipo timu yake ili m'mbuyo ndi mapointi awiri, Webber anapempha timeout pamene Michigan inali itamaliza kale mipata yake yoimitsa masewero, ndipo chilango chake chinapereka chikho kwa North Carolina. Masitolo ankagulitsa mayunifomu ndi katundu wa Michigan mochuluka, makampani a nsapato ankalipira aphunzitsi, CBS inali itasaina mgwirizano wa madola 1 biliyoni mu 1989, koma osewerawo sankaloledwa kulandira kalikonse kupitirira fizi, malo ogona ndi chakudya. Zitadziwika kuti Webber ndi osewera ena atatu a zaka zotsatira analandira ndalama zokwana madola 616,000 kwa munthu wina wochemerera timuyo, Michigan inatsitsa mbendera zokumbukira zaka zimenezo mu 2002 ndipo zotsatira za masewerowo zinafafanizidwa m'mabuku. Ochemerera sanaiwale chilichonse, chifukwa anaona ndi maso awo, ndipo ambiri anayamba kufunsa ngati wolakwa weniweni anali mnyamata wolandira ndalama mobisa kapena dongosolo limene linkadyera pa dzina lake.

Amene anapititsa funsoli kukhoti ndi Ed O'Bannon, katswiri wa UCLA imene inatenga chikho mu 1995. Patapita zaka, akugulitsa magalimoto ku Nevada, anaona masewero a pa kompyuta momwe munali wosewera wa UCLA wofanana naye msinkhu, khungu, nambala ya yunifomu ndi dzanja lamanzere loponyera, koma palibe amene anamupempha chilolezo kapena kumulipira. Anasuma mu 2009, akuluakulu ngati Bill Russell ndi Oscar Robertson analowa nawo mlanduwo, ndipo mu 2014 woweruza Claudia Wilken anagamula kuti malamulo a NCAA ankaphwanya lamulo la mpikisano pa malonda. Pa nthawiyi n'kuti NCAA itasaina kale mgwirizano wina wa makanema wa madola 10.8 biliyoni mu 2010. Mu Juni 2021 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wina wofanana nawo motsutsa NCAA, oweruza onse 9 akugwirizana, ndipo kuyambira pa 1 Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo.

Zinthu zimene zinkamanga osewera pa sukulu imodzi zinamasuka chimodzichimodzi. Kevin Garnett analowa mu NBA kuchokera ku sekondale mu 1995, Kobe Bryant mu 1996 ndi LeBron James mu 2003, ndipo NBA itaika lamulo lakuti kuyambira 2006 wosewera akhale ndi zaka 19, akatswiri ambiri anayamba kukhala pa yunivesite chaka chimodzi chokha. Kale wosewera wosamukira sukulu ina ankakhala chaka chathunthu osasewera, koma chiletso chimenechi chinachotsedwa mu 2021 kwa wosamuka koyamba, ndipo mu 2024 chinachotsedwa kotheratu. Lero timu ikhoza kusintha pafupifupi osewera onse pakati pa nyengo ziwiri. Aphunzitsi a nthawi yaitali nawonso achoka motsatizana: a Roy Williams mu 2021, a Krzyzewski ndi a Jay Wright mu 2022, a Jim Boeheim mu 2023 atatsogolera Syracuse zaka 47, ndi a Tony Bennett a ku Virginia mu 2024, amene ananena poyera kuti sakudziona oyenera kutsogolera timu m'dongosolo latsopanoli.

Ochemerera achikulire akamadandaula kuti sakuwadziwanso osewera a timu yawo, akunena zoona, ndipo chimene ataya n'chenicheni. Koma ine sindingagwirizane ndi amene amafuna kuti zinthu zibwerere mwakale, chifukwa kukhazikika kumene ankakondwera nako kunkatheka pokhapokha mnyamata atamangidwa miyendo, pamene mphunzitsi wake ankatha kuchoka tsiku lililonse kukalandira malipiro ochuluka kwina. Mu Juni 2025 woweruza Wilken yemwe uja anavomereza mgwirizano wolola yunivesite iliyonse kulipira osewera ake mwachindunji ndalama zofika madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, komanso kupereka chipukuta misozi cha madola pafupifupi 2.8 biliyoni kwa amene anasewera kale. Lorenzo Charles sanazione zimenezi, chifukwa anamwalira mu 2011 pa ngozi ya basi imene ankayendetsa mumzinda wa Raleigh, pamene chithunzi cha dunk yake chinali chikugwiritsidwabe ntchito kutsatsa chikhochi. Mu Juni 2024 anzake khumi a timu ya 1983 anakasumira NCAA chifukwa chogwiritsa ntchito mayina ndi zithunzi zawo kwa zaka zoposa 40 popanda malipiro. Chipukuta misozi cha mu 2025 chija chikukhudza okhawo amene anasewera kuyambira 2016, choncho osewera a 1966, 1983 ndi 1992 sali m'gulu la olandira.